Foni Yaukazitape ya a Njobvu

A Febian Njobvu anaika foni pa thebulo la kantemba ka Webster ngati munthu wopeleka mbala kwa apolisi. Inali yokulungidwa mu mpango, ndipo pa kamela anali atamatapo tepi yakuda.

"Ici cinthu cili ndi maso," anatelo monong'ona. "Mucitseke, a Webster. Lelo lomwe."

Webster anali atakonza mafoni zaka zambili pa msika wa Petauke. Anaonapo zogwela m'madzi ndi zopondedwa ndi ng'ombe, koma yomangidwa kumaso inali yoyamba.

A Njobvu anali mlembi wa mpingo ku Kaumbwe kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala litakwiya. Koma chaka chathachi zilembo zinayamba kuwavinila pa pepala. Sanauze munthu. Mavesi anali atawaloweza kalekale. Zilengezo ankapatsa a kwaya kuti awelenge, ati aphunzile kuima pamaso pa anthu. Kamodzi kokha anatelela: polengeza ukwati wa Jerry anatchula dzina la mtsikana amene Jerryyo anasiyana naye, tchalitchi chonse n'kuchita phokoso ngati msika. Iwo ananamizila kalembedwe ka m'busa.

Ankakhulupilila kuti ngakhale akazi awo, amai Ennie, sankadziwa kanthu. Madzulo alionse a Njobvu ankatsegula Baibulo n'kumatembenuza masamba mwaulemu, amaiwo ali kalikiliki ndi nkhuku zawo ndi makasitomala amene ankawapeza potsatsa malonda pa foni.

Ndiye masabata atatu apitawo, akuyang'ana zithunzi za adzukulu pa tsamba lochezelapo, panatulukila chilengezo cha zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale iwo anaziwelenga: BAMBO WA KU PETAUKE, KODI MASO AYAMBA KUKUNAMIZANI? GULANI MAGALASI.

Anachichotsa. M'mawa mwake chinabwelanso, chitasintha mtundu. Anayamba kusiya foni m'thumba la nshawa akafuna kuyankhula za mumtima. Anaimata tepi. Chilengezo osaleka. Tsono Lamlungu likubwelali kunali kalata ya masamba atatu yochokela kwa akuluakulu a mpingo, ndipo m'busa anali atanenelatu kuti awelenge ndi mlembi mwini wake.

"Azungu ali kutsidya kwa nyanja uko, andiyang'ana mu kamela," anatelo a Njobvu. "Aona mmene nditambasulila dzanja powelenga. Mailo m'mawa adzauza dziko lonse."

Webster anatsegula tsambalo. Chilengezo chinali pomwepo. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako chifuwa chinamugwila mwadzidzidzi. Anatembenukila kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Fumbi, bambo," anatelo akupukuta misozi. "Ici sicicokela mu kamela. Wotsatsa malonda asankha yekha anthu ofuna kuwafikila: amuna, a zaka zakutizakuti, okhala dela lakutilakuti."

"Ndiye kuti anzanga onse aciona?"

"Onse a msinkhu wanu, kucokela kuno mpaka ku Nyimba."

A Njobvu anapumako pang'ono. Sanali okha m'khola. Komabe sanakhutile. Anthu akutali, osawadziwa n'komwe, analowa bwanji mpaka m'maso mwawo?

"Tsekani cabe."

"Ningatseke, bambo, koma mwini wake aoneka ni wouma mutu. Mailo adzaika cina. Mlenje aleka kuchela msampha akagwila nyama. Mukagula, cizaleka cokha."

A Njobvu anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzele. Panalibe wa mumpingo. Pafupi ndi kantembako, amai Abby anali atayala mawotchi, zipeso ndi magalasi pa chitenje. A Njobvu anasendela ngati akungodutsa.

"Ni a mkulu wanga wa ku Nyalugwe," anatelo akuloza magalasi. "Maso amusautsa, wacisoni. Mitu yathu ni yofanana, lekani niyeseko ine."

"Yesani, bambo," anatelo amai Abby. "Akulu anu ambili apeza thandizo pano."

Oyamba anawachititsa chizungulile. Achiwili analibe kusintha. Atavala achitatu, anaima chilili. Ulusi wa pa mkono wa jekete unaoneka umodziumodzi. Manambala a pa wotchi anakhala bata ngati ana a sukulu mphunzitsi akalowa. Anatola nyuzipepala yakale yokulungila katundu, nawelenga mzele wonse mosajejema, kenako wina. Anali ataiwala kuti zilembo zimatha kukhala phee.

Anabwelela kwa Webster chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona? Azungu aja aganiza kuti andigonjetsa. Koma ku Kaumbwe kulibe adziwe. Nizavala Lamlungu cabe, niti ni a fashoni."

"Ni nzelu zimenezo, bambo," anatelo Webster, akuwapatsa foni. "Tayesani kuwelenga apa, tione ngati agwila bwino."

A Njobvu anakonza magalasi pamphuno. Pansi pa zilembo zikuluzikulu zija panali tina ting'onoting'ono, timene masiku onsewo ankatiyesa mzele wokongoletsa. Anawelenga mokweza, ndi mawu awo a pa guwa:

"A Njobvu, mlembi wa ku Kaumbwe, ngati mwafika powelenga apa ndiye kuti mwagula. Zikomo. Pobwela mugule kapenta. Ndine Ennie, mkazi wanu."