Munda Wopanda Mizere pa Mapu a Mizinga

Panali bambo wina kwathu kuno m'chigawo cha Somme, dzina lake Fulbert, amene anabwerera kumudzi nkhondo yaikulu itangotha. Anapeza nyumba zonse zitagwa, minda ili maenje okhaokha. Ankafuna kufesa tirigu chisanu chisanafike, chifukwa ana ake anali atawonda.

Tsiku lina panadutsa mlendo wovala jekete lausilikali. Atamwa supu, anatulutsa pepala lalikulu lodzaza mizere yokhotakhota.

"Awa ndi mapu amene akuluakulu athu ankatsatira powombera mizinga," anatero. "Mzere uliwonse ndi pamene mabomba ankagwera. Onani m'munsimu, mulibe mzere. Si munda wanu uwu?"

Fulbert anayang'anitsitsa. "Eya, kumbuyo kwa tchalitchi."

Mkazi wake Zelie anati, "Tchalitchi chake chiti? Dzulo inu ndi a Gaspard mumakangana za pamene chinali. Dikirani asilikali ochotsa mabomba, bambo a Odile."

"Iwe umadziwa kuwerenga mapu?"

"Ayi. Nanga inu?"

"Poyera ndikupaona."

Gaspard, mnansi wawo amene anali pomwepo, ananena kuti mapuwo awagwira chozondoka. Anawatembenuza uku ndi uku mpaka onse awiri osadziwanso kumpoto. Pamene ankatsutsana, mlendo uja anali atapita, pepala lija atalisiya.

M'mawa mwake Fulbert anamanga hatchi pa pulawo. Asanafike pakati pa munda, bomba linaphulika. Hatchi inafera pomwepo, iye anaduka mwendo.

Ochotsa mabomba atabwera, Zelie anapita ndi pepala lija kwa mkulu wawo.

"Bwana, mapuwa ndi abodza?"

"Ayi mayi, ndi enieni."

"Ndiye mwamuna wanga anawazondotsa?"

"Anawagwira bwino. Munda wanu ndi umenewudi."

"Nanga bomba linachokera kuti?"

Mkuluyo anagwira poyera paja ndi chala. "Apa ndi pamene panabisala asilikali athu. Sitikanadziwombera tokha. Koma adani ankadziwa kuti tili pomwepa, ndipo nawonso anali ndi mapu awo."

M'munda umenewo anakumbamo mabomba osaphulika odzaza ngolo. Mpaka lero Fulbert amafunsa aliyense ngati mlendo uja anamunamiza.

Phunziro: Pepala likhoza kunena zoona koma osanena zonse. Chinthu chimene simukuchimvetsa musachiikire moyo wanu, dikirani odziwa. Amayi anzanga, ana asamasewere m'minda yosayenderedwa. Uzani aliyense amene akubwerera kumunda kwake asanagwire pulawo.