Mjigo Wofunsa Masamu

Mjigo wa m'mudzi mwathu sutulutsa madzi wotunga asanayankhe funso la masamu. La Fomu 1 limakupatsa kapu, la Fomu 4 limadzaza ndowa. Ine ndinalekezera Sitandade 5.

Ankatitungira ndi mdzukulu wanga Ndaziona, wa Fomu 4. Koma okhoza mayeso amatengedwa kupita kutauni, ndipo sabwerako.

"Iwe, ukalakwitse dala," ndinamuuza.

"Agogo, ndikalephera andibwezera ku Fomu 1. Muzikasamba m'kapu?"

Anakhoza. Asanakwere galimoto, anandijambulira makona atatu pamchenga kuti ndiziphunzirapo. Nkhuku zinapalasa tsiku lomwelo.

Lero ndinapita ndi ndowa, mkazi wanga akudikira madzi omwera mankhwala. Ndinayankha zomwe ndimadziwa.

Mjigowo unati, "Mwalakwa, bambo. Mudzayesenso mawa."