Wotchi Yoyeza Mtima wa a Simioni

"Mangani pa mkono wanu, amake Tikhala," a Simioni ananong'oneza akazi awo.

Wotchiyo inkawerenga kugunda kwa mtima n'kutumiza pa foni ya Tikhala, mwana wawo wa ku Blantyre, amene anawalamula kuti azithamanga m'mawa uliwonse kuti mimba iphwe. Mwezi wathunthu mayiwo anakwera nayo zitunda za ku Chembe atasenza dengu la usipa, bambowo ali phee pa bawo.

Lachinayi foni inalira.

"Ababa, mtima wanu ndi wa mnyamata! Ndakulembetsani mpikisano wothamanga Loweruka ku Monkey Bay. Ndibwera kudzakuchemererani."

A Simioni anayang'ana akazi awo mwachisoni.

"Mkono ndinakubwerekani," anatero mayiwo akuvula wotchiyo. "Miyendo yobwereketsa ndilibe."