Ana Amene Ankakula M'makina

Tjeerd anaika kapu ya khofi pa desiki ya Wietske mwamphamvu, khofi wina mpaka kutayikira.

"Mayi wina waimbanso foni akulira. Makina athu amutumizira uthenga woti akalembetse mwana kusukulu. Mwanayo anamwalira kalekale."

Wietske sanatembenuke. Ankadya buledi wake wa tchizi, maso ali pa kompyuta.

Ntchito ya awiriwa kukhonsolo ya tauni inali ontoloje: kuuza makina mitundu ya zinthu zimene zilipo ndi ubale wake. Uyu ndi munthu, iyi ndi nyumba, uyu ndi kholo la uyu. Poiyala ntchitoyi zaka zambiri zapitazo, Wietske analemba kuti mwana ndi mwana basi, osasiyanitsa wamoyo ndi womwalira. Choncho m'makinamo ana akufa ankakulabe chaka ndi chaka, makolo awo nkumalandira mauthenga a katemera, a sukulu, a maphunziro osambira.

Pofunika kukonza panali mzere umodzi wokha wa malangizo a makinawo. Koma miyezi inkatha Wietske akuzengereza.

"Iwe paja unaphunzira filosofi," anatero Wietske. "Ontoloje yanu yakuyunivesite ija imati chiyani? Womwalira alipo kapena palibe?"

"Usandiyambitse za Agiriki pano. Anthu akuvutika, iwe uli pa mtsutso wa m'kalasi? Abwana ati ukapanda kukonza lero, Lolemba usabwere."

Tjeerd anali atagwira naye ntchito kwa nthawi ndithu, koma chimene ankadziwa n'chakuti amakhala yekha, amabwera panjinga ngakhale kugwe mvula yotani, ndipo paphwando la ofesi sapondapo. Munthu wopanda mwana angadziwe chiyani za ululu wa kholo? Mayiyu, Tjeerd ankatero mumtima, anasanduka makina iye mwini.

Wietske anapukuta zala. Analemba mzere uja akuuwerenga motsitsa: womwalira sakula, satumiziridwa kanthu. Chala chinaima pang'ono pamwamba pa batani. Kenako anadina.

"Waona?" anatero Tjeerd. "Chovuta chinali chiyani pamenepa?"

"Palibe," anayankha Wietske akuvala jekete. "Mlungu wamawa mwana wanga Jildou akanaitanidwa kusekondale. Anangokhala ndi moyo masiku ochepa atabadwa, iwe usanabwere kuno. M'makinamu ndi mokhamo mmene ankakula."