Kachitsulo M'kapu ya Madzi

Kachitsulo koyeza chinyezi ndinakapeza m'kapu ya madzi, kuseri kwa mphika wa kamtengo ka mandimu kamene anasiya malemu Bambo.

Ndinakazika ndekha m'dothi miyezi itatu yapitayo. Dothi likauma, kamauza pampu kuti ithire madzi, ndipo kamatumiza uthenga wa chinyezi pafoni yanga. Tsiku limenelo ndinawauza Amayi kuti sipafunikanso munthu wodzathirira Lamlungu lililonse. Munthuyo ndinali ine.

Dzulo Amayi anaimba foni kuti makina afa. Ndinayendetsa galimoto ola lathunthu kuchokera mumzinda wa Winnipeg, njira yonse ndikutukwana amene anawapanga. Ndinapeza masamba atafota, dothi litang'aluka.

"Amayi, wakaika m'kapumu ndani kameneka?"

Anali patebulo, akudula keke ya maapozi. Mbale ziwiri anali ataziyala ndisanafike.

"Mwina mphaka," anatero osadzutsa mutu.

"Mphaka anafa chaka chatha."

"Ndiye ukufunsiranji, Darren?" Anaika mpeni pansi. "Kakakhala m'madzi kamaganiza kuti zonse zili bwino. Sikavutika n'kufunsa. Kanatengera mwini wake."

Foni m'thumba mwanga inali ikunenabe zomwezo: chinyezi chokwanira. Milungu yonseyi ndinkangowerenga mawu awiri amenewo, mtima n'kukhala m'malo.

Ndinatenga jagi yakale ya Bambo pansi pa sinki n'kuyamba kuthirira pang'onopang'ono, nditawafulatira kuti asandione nkhope.

"Ukamaliza ukabwezere m'dothi," anatero Amayi, mawu ali pansi.

Ndinakasiya m'kapu momwemo.