Wapansi wa Atate

"Mawa, atate! Macheka sathawa."

"Achita dzimbiri ndi mame. Fomu Filii yakupatsa matama, Whiteson. Katenge!"

Ndinapita kudzenje lathu lochekera matabwa ndikung'ung'udza, poti chibwenzi changa Tryness ankandidikira pampopi. Huta, lipenga la kumgodi, inalira ndili m'thengo kuseri kwa komboni ya Kamushanga, kutada kale.

Macheka athu ndi a anthu awiri. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina amakoka ali m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso.

Ndisanafike ndinamva macheka akulira. Pamwamba pa chipika cha mtengo wa mukwa panalibe munthu, koma chitsulocho chinkakwera ndi kutsika pakuwala kwa mwezi, osaphonya mzere wa makala. Kucheka kokongola chotero sindinakuonepo. Mapazi anandikweza okha, ndipo ndinagwira chogwirira. Wapansiyo anakoka mofatsa, ine n'kubweza, mpaka thabwa linatsala pang'ono kugwa.

Kenaka macheka anaima.

"Mwana wa Langford," anatero mawu m'dzenjemo. Anali mawu a a Zacheus, wapansi wa atate, amene tinawaika m'manda chaka chatha. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikumeza utuchi. Tsika, mwanawe. Nanenso ndiimeko pamwambapo."