Mkazi wa Ettore Afunanso Kukwera Nsanja

Pa sitepe ya nambala 90 bondo la Ettore linakana. Anatsamira khoma, akupuma mwabefu.

"Takwerani, bambo inu," anatero mkazi wake Nives, akumukoka mkono. "Khomali laima lokha zaka mazana asanu ndi awiri, silikufuna woligwirira."

Chaka chilichonse, Sepitembala akangolowa, Nives ankaumirira zokwera nsanja ya linga lakale la pamwamba pa mudzi wawo wa ku Piemonte. Pamenepo m'pamene Ettore anamufunsira zaka 34 zapitazo. Bamboyo ankang'ung'udza pakamwa pokha, mumtima akunyada kuti mkazi wanga sanaiwale.

Koma chaka chino mtima wake unali m'mwamba. Mphesa za m'munda mwawo zinali zitapsa, mitambo ikuopseza, ndipo Nives anali asanatchulebe tsiku lothyola. Pabanjapo wotchula tsikulo anali iyeyo, ndipo sanaphonyepo olo kamodzi. Ukathyola msanga vinyo amawawasa, ukachedwa mphesa zimaolera m'munda. Anthu ankati mayiyo amachita kununkhiza. Tsono maso ake anali atachita ng'ala. Ettore anaganiza kuti mwina aka n'komaliza mkazi wake kuona malo awo aja, chisoni n'kumugwira. Anakukuta mano, n'kuyambanso kukwera.

Pamwamba pankawomba kamphepo kozizira. Nives anaima pakona pake pa nthawi zonse, n'kutong'ola maso, n'kupukusa mutu.

"Sindikuona kanthu ine. Mundionere ndinu."

Ettore anayamba kumufotokozera. "Mizere ya mphesa yatsetsereka mpaka kumtsinje. Tchalitchi chathu chili pomwe paja. Dzuwa lawala ngati tsiku lija ndinagwada pano..."

"Aaa, zimenezo ndiye ziti? Tayang'anani kuseri kwa phiri, pabwalo pa Fulvio. Watulutsa madengu?"

Fulvio anali mlimi mnzake amene Ettore sankamupatsa ndi moni womwe. Ettore ankauza aliyense kuti munthu ameneyo sasiyanitsa mphesa ndi tomato.

"Madengu a chitsiru chimenecho atikhudza bwanji?"

"Akatulutsa lero, ife timathyola mkuja. Nanga zaka zonsezi mumati ndimakwerera chiyani kuno, ndi miyendo yangayi?"

Ettore anayang'ana. Madengu anali mulu pabwalo, mwini wake akuwatsuka ndi paipi.

"Watulutsa," anatero.

"Basi, tiyeni tizitsika."